Chikhothi Chosachapa cha a Yotamu

Pa Lobi panali gulu la zisudzo lotchedwa Tikambirane. Mukafunsa lero kuti linatha bwanji, ena adzakuuzani kuti anthu anatanganidwa ndi minda ya kachewere, ena adzati mtsogoleri wake anayamba kudwala msana. Onsewo akunama, ndipo akudziwa kuti akunama. Gulu limene lija linathera m'chikhothi. Sunthirani kuno ndikuuzeni, poti ine sindinalumbire kwa munthu kuti ndidzasunga pakamwa.

Mtsogoleriyo anali Feniya, telala wa pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Anali mayi wosachulutsa zonena, wa maso aja a munthu amene anasiyana kalekale ndi tulo tabwino. Chimene chinamutopetsa si makina osokera ayi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Feniya anadwazika bambo ake, a Yotamu Kachiwanda, amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi zinthu zitatu: bokosi lachitsulo, chikhothi chakuda cholemera ngati bulangete lonyowa, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Tsiku lililonse tambala woyamba akangolira, nkhalambayo inkamuitana pa mfunda wake kuchokera m'kanyumba kake kuseri kwa nkhokwe: "Iwe Nabanda, madzi." Feniya ankadzuka, kukoleza moto, kuwotcha madzi, kuthiramo masamba a bulugamu, kuwathowa pachifuwa ndi kansalu, kenako kukataya chitini cholavuliramo. Pa zaka zonsezo zikomo sanamumvepo. A Yotamu anali a mtundu uja wa makolo oganiza kuti kuthokoza mwana wako ndi kumuwononga.

Mwambo wa kwathu kuno mumaudziwa. Munthu akamwalira zovala zake zonse zimachapidwa, pa tsiku lometa zimagawidwa, ndipo chovala chachikulu chimapita kwa mwana wa mlongo wake, amenenso amalowa dzina la malemuyo. Mwana wa mlongo wa a Yotamu anali Wadisoni wa kuseri kwa phiri la Mphunzi, munthu amene pa matenda onse aja anabwera kawiri, ndipo chitini chija sanachikhudzepo. Feniya zimenezi zinamuwawa. M'mawa umene bambo ake anatsirizika, asanayambe n'kulira komwe, anatenga chikhothi chija n'kuchibisa pansi pa bokosi lachitsulo, pamwamba n'kuunjikapo zigamba. Achibale atafunsa anati mbewa zinachidya. Wadisoni analandira chipewa ndi nsapato, nkhope ili gwa, n'kunena kuti za dzina tidzaona chaka chamawa. Chaka chamawacho chinabala zaka zinayi, dzina lili lende popanda wolilowa.

Chaka chachinayicho bungwe lina linapempha magulu a zisudzo kuti akonze masewero a nkhani ya katundu wa masiye. Feniya sanavutike kuganiza. Analemba za kwawo m'kope la mwana wasukulu, ndipo chifukwa cha kutopa mayina anangosiya enieni, ati tidzasintha pambuyo. Mumzere umodzi wokha ndi momwe ananamamo. Pamene bambo wa m'seweromo akutsirizika, anamulembera mawu akuti: "Mwana wanga, watopa nane. Zikomo." Anawafufuta kawiri, n'kuwalembanso kachitatu.

Wosewera bamboyo sanachite kumufuna patali. Mwamuna wake wa Feniya, Binwelo, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mkuyu wa kumsika, anali katswiri wotengera anthu mayendedwe ndi mawu. Anakhala pa chikamwini zaka makumi awiri, apongozi ake akumutchula kuti "uja wa njinga". M'zaka zowawa zija, Feniya akatuluka m'kanyumba kaja misozi ili m'maso, Binwelo ankamudikira kuseri kwa khitchini, n'kuwerama, n'kutsokomola ngati nkhalambayo, mpaka mkazi wake aseke atagwira pakamwa. Padziko lonse munthu wotha kumuseketsa Feniya anali yekhayo. Mwana wawo Tiyanjane anali atakwatiwa ku Lilongwe, ndiye pakhomo anatsala awiriwiri ndi galu wawo Aonenji.

Poti gululo linali la anthu asanu ndi awiri okha, Binwelo anapatsidwa mbali ziwiri: kuyamba akhale nkhalamba yodwala, ikamwalira abwerenso ngati mwana wa mlongo wodzalowa dzina. Chimene chinkasowa chinali chovala. Feniya anakumbukira bokosi lija.

Atachitulutsa, chikhothicho chinali chikununkhabe bulugamu ndi thukuta la munthu wodwala, ngati wangochivula dzulo. M'thumba munali kachitsulo kamkuwa kolembedwa nambala ya ku mgodi. Anakachotsa n'kukaponya m'chitini cha mabatani. Atamuyeza Binwelo, manja a chikhothicho anaperewera zala zitatu, poti a Yotamu anali wamfupi.

"Ndiye mbewa zija zinali zaulemu," anatero Binwelo akuseka. "Zinadya n'kubwezanso."

"Khalani chete inu. Aliyense akafunsa, n'cha pakaunjika. Manjawa ndiwonjezera mawa."

Ankakonzekera m'shedi yakale yosungiramo chimanga, Lachitatu ndi Loweruka masana. Unali mwezi wa Juni, nkhungu ikutsika m'mapiri dzuwa lisanapendeke n'komwe. Lachitatu limene chikhothicho chinatuluka m'bokosi, zonse zinayenda bwino mpaka pa gawo lolowa dzina. Wosewera mwinimbumba anali a Gwedeza, mkulu wopuma pa ntchito yophika kuchipatala, amene kwawo analidi mwinimbumba ndipo za maliro ankazidziwa ngati chikhatho chawo. Anawerenga mawu a m'kope, n'kupukusa mutu.

"Mayi Feniya, izi mwalembazi n'zachibwana. Dzina salowetsa chonchi ngati mukupereka mphatso ya mpira. Anthu adzatiseka."

"Ndiye chitani momwe zimakhaliramo, a Gwedeza. Ine mutu ukundiwawa."

A Gwedeza anayala mphasa pakati pa shedi. Anamukhazika Binwelo pamenepo atatambalala miyendo, n'kuuza amayi atatu a m'gulumo kuti akhale kumbuyo kwake. Anatenga chikhothi ndi manja awiri, n'kumuveka pang'onopang'ono, dzanja lamanja poyamba. Kenako anatapa ufa pang'ono m'lichero limene linali la gawo lina la sewerolo, n'kumuthira pamutu. Mawu awo anasintha, anakhala aja a pa bwalo.

"Tinalira kuti mtengo wagwa. Lero tikuti sunagwe. Yotamu Kachiwanda sanapite, Yotamu Kachiwanda ndi uyu. Mbumba yake imuone, imumvere. Yotamu, dzuka."

Amayi aja analuluta okha, osauzidwa, poti kukhosi kwa munthu kumadziwa nthawi yake. Nthungululu itatha m'shedimo munangoti zii. Malata a denga anathetheka kamodzi, monga amachitira dzuwa likachoka. Binwelo anadzuka, koma anadzuka atatsamira dzanja pabondo, n'kutsokomola katatu, kachitatuko kokoka pansi pa chifuwa. Anthu anaomba m'manja kuti uyu ndiye katswiri. Feniya yekha sanaombe, chifukwa pa gawo limenelo Binwelo amayenera kukhala mnyamata wathanzi, osati nkhalamba.

Pobwerera kunyumba Binwelo sanavule chikhothicho, ati kukuzizira. Atafika pakhomo, Aonenji amene masiku onse ankamulumphira anaima patali, mchira pakati pa miyendo, n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Chakudya chake anadya mawa lake.

M'mawa Feniya anatenga tepi ndi lumo kuti awonjezere manja aja. Anayeza, n'kuyezanso. Manjawo ankafika bwinobwino pamfundo ya dzanja la Binwelo. Telala amene wasoka zaka makumi awiri salakwitsa zala zitatu, koma iye anadziuza kuti dzulo anayeza ndi maso atulo. Popisa m'thumba anapeza kachitsulo kamkuwa kaja. Anakayang'ana m'chitini cha mabatani, munali mabatani okhaokha. Tsiku lomwelo beseni laling'ono la kukhitchini linasowa, ndipo analipeza madzulo pakhomo la kanyumba ka malemu, kamene tsopano ankasungiramo makasu ndi matumba.

Loweruka, akuchokera kushedi nkhungu itatseka njira, anakumana ndi munthu wachikulire wonyamula kachikwama kamapepala olimba komanga ndi chingwe, ka mtundu umene masiku ano sukuonekanso. Nkhope yake Feniya sanaione bwino. Munthuyo anaima, n'kuvula chipewa, n'kulankhula chilankhulo chija cha ku migodi chimene a Yotamu ankatukwanira mbuzi. Binwelo, amene chibadwire sanadutsepo malire a dziko lino, anamuyankha. Anacheza nthawi ndithu, akuseka motsitsa ngati anthu okumbutsana zakale.

"Ndani ameneyu?" anafunsa Feniya atapitirira.

"Tinali limodzi pansi."

"Pansi pati, bambo a Tiya?"

Binwelo anamuyang'ana ngati funsolo lachokera kutali. Feniya atacheuka anaona munthu uja ataimabe pakati pa msewu, chipewa chili m'manja, mpaka nkhungu inamuphimba.

Madzulo amenewo Binwelo anapinda mphasa ndi bulangete n'kuima pakhomo la chipinda chawo, osalowa. Anati si bwino kuti azigona mmenemo, anthu angamve zotani. Anakatulutsa makasu m'kanyumba kaja n'kugona momwemo. Feniya anafuna kukalipa, koma mphamvu yokalipira analibe. Anagona yekha akumvetsera kutsokomola kodutsa m'khoma.

Tambala woyamba atalira, mawu anabwera kuchokera kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe Nabanda, madzi."

Apa ndiye pamene pamandiwawa ine ndikamakamba nkhaniyi. Feniya sanakuwe, sanathawire kwa anansi. Pamene nzeru zinkamubwerera n'kuti atagwada kale pamoto akuuzira, poto ali pamafuwa, masamba a bulugamu ali m'manja. Thupi lake linali litadzuka lokha, monga ng'ombe yozolowera goli imaweramitsa khosi isanaitanidwe. Anakhala pansi paphulusapo n'kulira mopanda mawu, kenako ananyamula madziwo n'kupita nawo, poti akanazizira.

Mudzafunsa kuti bwanji sanachivule chikhothicho tsiku lomwelo n'kuthana nazo. Inenso ndinafunsa. Yankho lake lili m'kope muja. Pokonzekera, Binwelo ankasewera nkhalambayo mochititsa nthumanzi, mawu aliwonse m'malo mwake, koma akafika pa mzere uja wa zikomo ankangotseka maso n'kutembenukira kukhoma. Feniya, amene ankasewera yekha mwana wamkaziyo, ankagwada pambali pa mphasa akudikira. Lachitatu anadikira, Loweruka anadikira. Mumtima ankati mwina pa tsiku lenilenilo, pamaso pa anthu, adzanena. Munthu amene wadikira zaka khumi ndi zisanu, sabata ziwiri amaziona ngati kanthu kochepa.

Koma sabata ziwirizo zinamudya Binwelo. Njinga za anthu zinaunjikana pansi pa mkuyu, iye atakhala pa chitsa akuyang'ana sipanala ngati chinthu chotola. Malaya ake omwe anayamba kumutalikira manja. Nthabwala zinatha pakhomo. Tsiku lina masana anavula chikhothi kuti asambe, n'kuchikoleka pampanda wa bafa. Atatuluka anaima padzuwa akunjenjemera, n'kuyang'ana mkazi wake ndi maso ake akale.

"Amake Tiya," anatero motsitsa, "kodi ine ndikudwala? Ndikumangolota mdima, madzi akudontha pamwamba, ndi anthu akukhoma miyala. Ndikati ndikufuneni sindikukupezani. Mwandikwiyira chiyani kuti ndizigona kumakasu?"

Feniya mtima unamupweteka kwambiri. Chikhothi chinali pomwepo, dzanja lake likanatha kuchifikira n'kuchiponya kutali. Koma sewero linali litatsala masiku atatu. Mano a Binwelo ankagundana ndi kuzizira, ndipo anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe. Feniya anachichotsa pampanda n'kumuveka yekha, dzanja lamanja poyamba. Chimenechi sanadzikhululukire mpaka lero.

Lachisanu a Gwedeza anabwera pakhonde la golosale. Anakhala pabenchi la makasitomala nthawi yaitali akuonerera singano ikukwera n'kutsika.

"Mayi, dzulo ndinakumana ndi amuna anu kumsika. Anandifunsa za ng'ombe ya bambo anga imene inafa ine ndili mnyamata. Chikhothi chija munagula pa kaunjika uti?"

Feniya anaimitsa makina. Ananena zonse, maso ali pansalu.

"Chinachapidwa?"

"Ayi."

"Nanga dzina lija la m'sewero, mwini wake analowedwa?"

"Ayi. Ndinati ndidzasintha mayina."

A Gwedeza anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anaoneka okalamba kuposa dzulo lake.

"Ndiye lalowedwa, mayi, ndipo wolowetsa ndine. Chovala chenicheni, dzina lenileni, mawu enieni, ufa, nthungululu. Inu mumati a kumizimu aja amadziwa kuti ili ndi sewero? Munthu waima pakhomo zaka zinayi, ife tamutsegulira, ndiye tamulowetsa mwa mkamwini."

"Ndikachiwotcha?"

"Mukawotcha ndiye mwamutsekera momwe alimo. Muchichape m'madzi oyenda, mupite nacho kwa mwini wake, achilandire ndi manja awiri. Mawu ndikanena ndine, poti ndinamanga ndine. Koma musachedwe. Mapanga awiri avumbwitsa, mayi. Bambo ndi mwamuna simungawasunge m'thupi limodzi, ndipo amene akuchepa mukumuona nokha."

"Sewero ndi mawa," anatero Feniya. "Tsiku limodzi lokha."

A Gwedeza anamuyang'ana, n'kuvala chipewa chawo. Ananyamuka n'kumapita.

Loweruka masana bwalo la sukulu linadzaza. Magulu awiri anasewera, anthu akuseka ndi kudya nzimbe. Tikambirane italowa, Binwelo n'kutulukira kuseri kwa nsalu atawerama m'chikhothi chakuda, phokoso linayamba kuzima kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Achinyamata ankati koma bamboyu amatha. Amayi achikulire amene ankawadziwa a Yotamu anagwira pakamwa, ndipo awiri ananyamula mipando yawo n'kuchoka osacheuka.

Linafika gawo lotsirizika. Nkhalamba inagona pamphasa, Feniya atagwada pambali ndi beseni. Mphepo inaleka. Feniya anadikira, mawondo akuwawa pa dothi louma. Ataona kuti kuli zii anawerama ngati akukonza bulangete, n'kunong'oneza mawu aja kuti amukumbutse: "Mwana wanga, watopa nane."

Maso anatseguka. Sanali a Binwelo, ndipo Feniya anawadziwa bwino lomwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera, bwalo lonse likudikira naye limodzi.

"Madzi a lero anali ozizira," inatero nkhalambayo. "Mawa udzuke msanga."

Anthu anafa nacho chiseko, poganiza kuti ndi momwe analembera. Feniya anamva chinthu chikuduka mkati mwake mwakachetechete, ngati ulusi wa pamakina. Sanakwiye n'komwe. Anangodziwa kuti angadikire zaka zina khumi ndi chimodzi, angapereke mwamuna wake yense mpaka zikhadabo, mawu amenewo sadzabwera. Nkhalamba itatseka maso, iye anaivula chikhothi monga sewero linkafunira. Koma m'malo mochipereka kwa a Gwedeza kuti gawo lolowa dzina liyambe, anachipinda, n'kuchisenza pamutu, n'kudutsa pakati pa anthu kulowera kumtsinje. Sewero la Tikambirane linathera pomwepo, ndipo mathero ake palibe anawaona.

Kumtsinje chikhothicho chinamwa madzi n'kulemera ngati munthu. Anachitikita pamwala mpaka manja anachita dzanzi, madzi akuda bii akutsika ndi mtsinje. Kawiri konse anamva kutsokomola m'bango tsidya linalo, koma sanadzutse mutu. Binwelo anali atamutsatira. Anakhala pamtunda atakumbatira mawondo, osalankhula, osatsokomola, nkhope ili mbee ngati nyumba imene eni ake asamuka. Feniya atamuitana sanayankhe ku dzina lililonse.

M'mawa mwake anauyamba ulendo wa ku Mphunzi atatu: Feniya patsogolo ndi mtolo wonyowabe pamutu, a Gwedeza pakati, Binwelo pambuyo akukoka miyendo. Panjira Feniya anafunsa chimene chinamusowetsa tulo.

"A Gwedeza, kodi zimene zachitikira bambo a Tiya zikamuchitikiranso Wadisoni?"

"Zinthu zikafika kwa mwini wake zimagona. Ine ndalowetsapo anthu anayi, onse ali bwinobwino."

"Nanga zimene zakhala zaka zinayi m'bokosi, n'kulawako kale thupi la munthu?"

A Gwedeza anayenda mapazi angapo. "Zimenezo sindinazionepo," anatero.

Anamupeza Wadisoni akusema mpini pakhonde. Mkazi wake Dailesi, mayi wowonda wa mwana kumsana, anawayalira mphasa n'kubwerera kumtondo. Feniya atamasula mtolo, Wadisoni anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Msuweni, mbewa za ku Lobi zalapa? Kapena mwaona kuti imfa yayandikira?"

"Wadisoni, chikhothichi," anayamba Feniya. Anafunadi kunena zonse, mawu anali atafika pakamwa. Koma anayang'ana Binwelo atatsamira khoma, milomo itayera, malaya akulendewera kupitirira zala. "Chikhothichi n'chako. Dzinanso ndi lako. Ndinalakwa kuchisunga."

"Mwanena ngati munthu lero," anatero Wadisoni, n'kuchilandira ndi manja awiri.

Anaitana achibale ochepa a pafupi. A Gwedeza anamukhazika pamphasa, n'kumuveka, n'kumuthira ufa, n'kunena mawu aja motsitsa ngati munthu wosenza katundu wosweka. Amayi analuluta. Manja a chikhothi anamuperewera Wadisoni zala zinayi, ndipo iye anati msuweni wake telala adzawonjezera. Feniya anangoyang'ana pansi.

Nthungululu isanathe bwino, Binwelo anayetsemula. Anayang'ana uku ndi uku, n'kudzikanda m'mutu.

"Amake Tiya, kuno n'kuti? Njinga ya aphunzitsi ija sindinamalize, andipha. Nanga inu mukulira chiyani pa chisangalalo cha eni ake? Taonani nkhope, ngati mwameza singano."

Feniya anaseka misozi ikutsika, kuseka kwake koyamba m'sabata zitatu. Anamugwira mkono mwamuna wake pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo, n'kunena kuti tiyeni tizipita kusanade. Chakudya anakana.

Anali atafika pamphambano ya kumapeto kwa mudzi pamene anamva kumbuyo. Kutsokomola katatu, kachitatuko kokoka pansi pa chifuwa. A Gwedeza anaima chilili. Kenako mawu anabwera kuchokera pakhonde lija, osakweza, a munthu wodziwa kuti amveka.

"Iwe, madzi."

Munsi unaleka kugunda mumtondo. "Ndamva," anayankha Dailesi, modabwa pang'ono.

"Akutsokomolayo ndani?" anafunsa Binwelo.

"Palibe. Tsogolani, ndikupezani," anatero Feniya.

Feniya anabwerera, koma osati kukhonde. Anazungulira kuseri kwa khitchini, kumene anapeza Dailesi atagwada akuuzira moto, mwana akulira kumsana. Anaima n'kumuyang'ana mayi mnzakeyo, khosi lowonda lija, manja otuwa ndi gaga. Anamumvera chisoni chachikulu, ndipo anadziwanso kuti chisonicho sichimubweza kukatenga chikhothi chija. Anagwada pambali pake, n'kumukankhira nkhuni imodzi pamoto.

"Mulamu, asamatenthe kwambiri, koma asazizire. Muzithiramo masamba a bulugamu, aang'ono a kunsonga. Muyambe kuthowa kumanzere. Tambala woyamba asanalire moto uzikhala utayaka."

Dailesi anadzutsa mutu, utsi uli m'maso. "Mukunena chiyani, alamu? Ndi kachifuwa chabe, chovalacho n'chonyowa."

"Eya, mwina ndi kachifuwa chabe," anatero Feniya akudzuka, n'kusasa phulusa pachitenje. Anayenda mapazi awiri, n'kuima osacheuka. "Chinanso, mulamu. Zikomo musamudikire."

Tsiku lotsatira Feniya anagona mpaka dzuwa kufika pamutu, Binwelo akuimba mluzu panja ndi Aonenji. Amasokabe pakhonde lomwe lija, ndipo mukapita ndi diresi kapena yunifolomu adzakusokerani bwino. Koma zisudzo anasiya, njira ya ku Mphunzi sapondamo, ndipo chikhothi, kaya n'cha ndani, sawonjezera manja.